Wamisala Anaona Nkhondo

Usiku wina tulo titandithawa, ndinapeza pa intaneti kanema wakale wa ku America, wopanda mitundu, wotchedwa News Hounds. Kanemayu anatuluka mu 1947, ndipo ndi mmodzi mwa makanema 48 a nthabwala a gulu la Bowery Boys omwe anapangidwa pakati pa 1946 ndi 1958. Ndinkangofuna kuseka basi.

Nkhani yake ndi ya Slip, yemwe amaseweredwa ndi Leo Gorcey. Slip ndi mnyamata wotumidwa pa kampani ya nyuzipepala ku New York, koma mtima wake uli pa utolankhani. Chingerezi chake ndi chopindika. Akafuna kutchula mawu aakulu amatchula ena osagwirizana nawo. Mnzake Sach, Huntz Hall, ndi wojambula zithunzi wozerezeka. Awiriwa atulukira kuti akatangale a juga akugula anthu a masewero kuti zotsatira zizidziwika masewero asanayambe. Nkhani ituluka m'nyuzipepala umboni usanakwane, ndipo akatangalewo asumira nyuzipepalayo kuti yawaipitsira mbiri. Chowapulumutsa ndi zithunzi za Sach, zomwe zipezeka madzi atafika m'khosi.

Oonera a nthawi imeneyo sankaona nthano chabe. Mu Disembala 1946, wajuga wina, Alvin Paris, anayesa kupereka ziphuphu kwa osewera awiri a timu ya New York Giants masewero a chikho asanachitike. Ngakhale kuno kwathu kummwera kwa Africa tinaona zotere mu 2000, pamene Hansie Cronje, kaputeni wa timu ya kiriketi ya South Africa, anavomera kuti ankalandira ndalama kwa anthu obetchetsa.

Ndinaseka ndithu, koma kanemayo atatha ndinakhala duu mu mdima. Ndinakumbuka tsiku lina ku ntchito pamene anandibweretsera pepala la maalawansi a msonkhano womwe sunachitike. Mayina onse ndinkawadziwa, la bwana wanga lili pamwamba. Ndinalemba langa, ndalama n'kulowa m'thumba. Ndinadziuza kuti ana akufuna fizi, ndiponso kuti wokhala chete sachotsedwa ntchito.

Slip anali ndi kulimba mtima koma umboni analibe. Ine umboni ndinali nawo m'manja, wodindidwa chidindo cha boma, koma mtima ndinalibe. Iye anali wotumidwa wosaphunzira. Ine ndili ndi masatifiketi ndi tayi pakhosi.

Akuluakulu anati wamisala anaona nkhondo. Mwina n'chifukwa chake opanga makanemawa ankaika choonadi m'kamwa mwa zitsiru: chitsiru sichiwerengera za penshoni chisanayankhule. Ife ochenjera timawerengera mpaka tsiku lopuma ntchito.

Ndalama ija sindinabweze, ndipo sindinaneneze munthu. Koma pepala lotero litabweranso, ndinalikankhira pambali n'kunena kuti, "Pepani bwana, msonkhano umenewu ine sindinapiteko." Manja ankanjenjemera. Kuyambira tsiku limenelo dzina langa silipezekanso pa mndandanda wa opita ku misonkhano, ngakhale yeniyeni.