Njinga ya ababa sinali mphika

Sabata ino ndabwera ndi nkhani ya dzimbiri, ndipo ndiyamba ndi kuulula kupusa kwanga.

Ababa atamwalira mu 2021, njinga yawo ya Humber inakhala m'khitchini kumudzi zaka ziwiri, denga likudontha. Achimwene anati tingoigulitsa kwa anyamata ogula zitsulo zakutha. Ine ndinakana. Njinga imeneyo ndi imene inkanyamula matumba a nandolo kuti ine ndipite ku sekondale. Komanso, kunena zoona, ndalama ya kabaza yonyamulira tomato wanga tsiku ndi tsiku inali itanditopetsa. Anandipatsa mwezi umodzi: ikapanda kuyenda, ipita pa sikelo.

Nditafika nayo, mahandulo, malimu ndi belu zonse zinali psuu. Mukudziwa ife amayi, chitsulo chikada timadziwa njira imodzi. Ndinatenga mchenga ndi steel wool n'kuyamba kukwecha handulo ya kumanja ngati mphika wa nsima. Dzimbiri linachoka ndithu, koma linapita limodzi ndi kuwala konse. Patangotha sabata linabweranso, lochuluka kuposa kale.

Ndinaikankha mpaka kwa madala ena okonza njinga kuseri kwa msika wathu. Anaiyang'ana, n'kupukusa mutu.

"Mayi, njingayi inakulakwirani chiyani?"

"Ndimachotsa dzimbiri, bambo."

"Ayi, mwaisenda khungu."

Anandifotokozera kuti kuwala kuja, kumene amati chrome, ndi kachikopa chabe kokutira chitsulo, kopyapyala kuposa tsitsi. Iko sikachita dzimbiri. Chimene chimachita dzimbiri ndi chitsulo chapansi: madzi amalowa pa timabowo tosaoneka ndi maso, dzimbiri n'kutulukira pomwepo n'kufalikira pamwamba. Choncho malo ambiri ofiirawo, pansi pake chrome imakhala ili bwinobwino. Ukakwecha ndi mchenga, ukutsegulira madzi makomo ena.

Tsono nayi njira imene anandiphunzitsa, ndipo zonse zofunika muli nazo kale kapena zili pa golosale.

Yambani ndi kutsuka ndi sopo, fumbi lichoke, chifukwa fumbi nalonso limakanda. Kenako tengani foyilo, pepala la aluminiyamu lija amakutira chakudya, mulipinde kakang'ono, muviike m'madzi. Tikitani pang'onopang'ono, ngati mukusambitsa khanda. Aluminiyamu ndi yofewa kuposa chrome, ndiye imachotsa dzimbiri osaikanda kwenikweni. Muona kamatope kakuda kakutuluka. Musaope, pukutani ndi kansanza muone kuwala.

Pamene dzimbiri lakakamira, nyowetsani kansalu ndi viniga kapena madzi a mandimu, mukulunge pamalopo mphindi 10 kapena 15. Asidi wake amafewetsa dzimbiri. Coca-Cola nayenso amathandiza chifukwa ali ndi asidi, koma shuga wake amamata n'kuitana nyerere. M'makona, monga pamene masipoko akumana ndi limu, mswachi wakutha umafika bwino.

Musasiye viniga usiku wonse, chifukwa amadyanso chitsulo pa timabowo tija. Tsukuluzani ndi madzi othiramo soda pang'ono, yemwe uja wa therere, kuti aphe mphamvu ya asidi. Osasakaniza soda ndi viniga poyamba pomwe: thovu lake limasangalatsa maso, koma zimangophana zokha.

Chomaliza ndi chimene ambiri timaiwala. Umitsani bwinobwino, kenako pakani Vaseline kapena mafuta a makina pang'ono. Timabowo tija tikadalipo, mafutawo ndiwo chitseko chake. Mafuta ophikira ayi, amauma n'kumamata.

Ndinagwira ntchito imeneyi masiku anayi pa benchi yanga, pakati pa makasitomala. Anzanga ankandiseka kuti ndasiya tomato ndayamba umakaniko. Tsiku lachinayi ndikupukuta belu, ndinadziona nkhope mmenemo. Ndinaliliza kamodzi. Abale, linalira chimodzimodzi ngati ababa akutsika chitunda cha kwathu madzulo, ife tikuthamangira kukalandira kajumbo. Ndinayamba kukonza tomato amene anali okonza kale, kuti anthu asaone misozi.

Sindikunamizeni: pamene chrome yasupuka, palibe foyilo kapena ndimu amene angaibwezeretse. Handulo ya kumanja ija ndi yakuda mpaka lero. Madala aja anati ndigule ina, ine ndinakana. Ndimangoipaka mafuta Loweruka lililonse. Ndikaigwira m'mawa ndimakumbuka kuti ndinaiwononga ndine, chifukwa chothamanga ndi mphamvu ndisanafunse.

Achimwene anabwera mwezi utatha. Anaizungulira kawiri, osayankhula. Kenako anati, "Achemwali, tandibwerekani ndikafike pa sitolo."

Ngati muli ndi mpopi, mpando wa miyendo yonyezimira kapena njinga imene yafiira pakhomo panu, musafulumire kutaya, ndipo mchenga usiyireni miphika. Yesani kaye kafoyilo ndi madzi pa kamalo kamodzi.

Ndapita, tomato sadikira.