Mpunga wa kare wa ku Malangalanga

Anzanga amene mumatumidwa ku Old Town Loweruka, pali kalesitilanti kena kuseri kwa sitolo za amwenye mumsewu wa Malangalanga, chakufupi ndi depoti ya mabasi. Dzina sinditchula, mungadzazemo ine n'kusowa pokhala. Muli mabenchi awiri, tebulo lokutidwa ndi pulasitiki, ndi mayi mmodzi amene amaphika pambaula. Chimene ndimapitirako ndi mpunga wa kare. Ndikunena kare wothira m'ndiwo uja, osati kale la makedzana, ngakhale pakamwa pathu ziwirizi sizisiyana.

Mayiwo amayamba ndi anyezi. Amamukazinga mpaka afiire, kenako amathira ufa wa kare m'mafuta momwemo asanaike madzi, akuti ukauthira pamwamba pa msuzi umamveka uwisi. Ndiye tomato, kachewere wa ku Dedza wodula timabenthu, karoti, ndi tizidutswa ta nkhuku toti ukapeza tiwiri ndiye kuti tsikulo wadzuka bwino. Msuzi wake ndi wachikasu, wolemera, sumathawira pansi pa mbale. Mpunga akapeza wa Kilombero wa ku Karonga, fungo limakulandira usanalowe. Patebulo pali kabotolo ka tsabola wa kambuzi, koma ameneyo ndi wa olimba mtima.

Ine ndinkayesa kuti kare ndi wa amwenye ndi ife basi. Amene anandidabwitsa ndi aphunzitsi athu a masamu tili Fomu 1, ochokera ku Japan. Anabwera kudzera ku JICA, ndipo a ku Japan ongodzipereka ngati iwowo akhala akubwera m'Malawi muno kuyambira 1971. Anatiuza kuti kwawo mpunga wa kare ndi chakudya cha munthu aliyense, chotsika mtengo, chodyera supuni. Anafika nacho ndi Angerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, iwonso atachidziwira ku India. A ku Japan anachisintha: amalimbitsa msuzi ndi ufa wa tirigu ndipo sawawitsa kwambiri, koma anyezi, karoti ndi kachewere ndi zomwezi za mayi a ku Malangalanga.

Mawu amene sanandichoke m'mutu ndi akuti ana a pulaimale ku Japan amadya kare kusukulu masana, ndipo ambiri amamukonda. Eti kusukulu! Ife pano belu la nkhomaliro likalira, amene ali ndi kandalama amathamangira mandasi kapena chinangwa pageti, ena timangomwa madzi pampopi n'kubwerera kukalimbana ndi Fizikisi m'mimba mukulira. Piriyodi yomaliza theka la kalasi limakhala likuwodzera, ndipo si ulesi ayi.

N'chifukwa chake mbale ya Loweruka ija ndimaiwerengera. Ku City Centre ndi ku Area 10 kare yemweyu amabwera ndi mpeni ndi foloko, mtengo wake woti mayi anga angagulire ndiwo za sabata yonse. Kuno ndimalipira ndi chenji yotsala ndikayenda pansi m'malo mokwera minibasi. Amadyamo ndi onyamula katundu a mumsika, amakaniko, ndi atsikana ogulitsa m'sitolo, tonse benchi limodzi.

Koma chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zasintha. Mafuta ophikira anakwera, makala nawonso. Mayiwo anakweza mtengo pang'ono, kenako anayamba kuchepetsa nkhuku n'kuchulukitsa kachewere. Tsiku lina ndinawafunsa kuti, “Amayi, bwanji osangokweza kuti nkhuku ibwerere?” Anandiyang'ana, chikombe chili m'manja, n'kunena kuti, “Ndikakweza, iweyo mwanawe ubweranso?”

Ndinangokhala chete. Iwo anandiwonjezera msuzi pampunga n'kutembenukira kwa kasitomala wina amene amafunsa ngati angamupatse theka la mbale.