Dzina linali langa, koma kiyi ndinaitaya ndekha

Ndili ndi kashopu ka kompyuta m'tauni ya Chongwe, pafupi ndi msewu wa Great East. Ndimataipira anthu makalata, kupanga mafotokope, kusindikiza ma CV ndi kuthandiza ofuna TPIN ya ZRA pa intaneti. Aphunzitsi amene akuwonjezera maphunziro ku Chalimbana University amabwera ndi ntchito zawo za sukulu, alimi amabwera ndi mapepala a makopaletivu. Kwa zaka zambiri anthu ankanditchula kuti "a injiniya", ndipo ine sindinakanepo, ngakhale kuti m'kalasi ya makompyuta sindinapondemo. Dzina limeneli ndi limene linandigwetsa.

Munali mu September 2024, chaka cha chilala. Madzi anali atachepa ku Kariba, ndipo masiku ena magetsi ankabwera maola 3 okha, mwinanso pakati pa usiku. Kompyuta yanga inali ndi SSD ya 128GB, ndipo mzere wa C: unali utafiira kale. Ndinakwera basi kupita ku Lusaka, makilomita pafupifupi 45, n'kukagula hadidiraivu yachiwiri ya 1TB. Nditaimanga, inaoneka ngati D:, nkhokwe yopanda kanthu.

Mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za makompyuta ku Lusaka, anali kwathu masiku amenewo. Anandiuza kuti, "Amalume, musasunthe kanthu musanakopere mafayilo pambali. Mundidikire mawa." Ndinamuseka. Mwana amene ndinamubereka kumsana andiphunzitse ntchito imene ikumulipirira sukulu?

Magetsi atabwera usiku, ndinathamangira kushopu. Ndinalowa mu C:, ndinagwira foda yonse yotchedwa Users, ndinadina Cut, kenako Paste mu D:. Kompyuta inayamba kudandaula kuti mafayilo ena akugwiritsidwa ntchito. Ine ndinkangodina Skip, Skip, ngati ndikuingitsa ntchentche. Ntchito ili pakati, magetsi anazima.

Mawa lake kompyuta inayaka, koma sinandizindikire. Inandilowetsa mu akaunti yongoyembekezera, pa desktop pali mbee. Ndinasuzumira mu D:, ndinaona mafoda a makasitomala alimo, mtima unakhala pansi. Ndinaganiza kuti popeza katundu wafika m'nyumba yatsopano, yakaleyo ndingoigwetsa. Ndinafomata C:, ndinaikanso Windows 10, ndipo akaunti yatsopano ndinaipatsa dzina lomwe lija, pasiwedi yomwe ija.

Nditadina foda yanga mu D:, panatuluka mawu akuti "You don't currently have permission to access this folder." Mafoda ena anangoti "Access is denied." Ndinakhala duu. Kompyuta yogula ndekha, diraivu yogula ndekha, dzina langa lili pomwepo, koma ndikuuzidwa kuti ndilibe chilolezo.

Mwa mafoda amenewo munali ina ya amayi ena achikulire, mlembi wa kopaletivu ya alimi kumidzi ya kuno. Kwa zaka ziwiri ankabweretsa kwa ine mndandanda wa mamembala, zithunzi za ma NRC awo, manambala a foni ndi malipoti a misonkhano. Mapepala enieni anali atabwezera eni ake, poti "a injiniya akusunga". Nyengo yokonzekera za feteleza ndi mbewu za FISP inali itayandikira. Atabwera, ndinawanamiza.

"Amayi, vuto ndi magetsi. Mubwere Lachisanu."

Lachisanu ndinati kompyuta yagwidwa ndi vairasi. Iwo anangoti, "Chabwino bambo, inu ndinu odziwa," n'kukwera njinga kubwerera padzuwa. Mawu amenewo anandipweteka kuposa kunditukwana.

Pofuna kudzipulumutsa mobisa, ndinalakwitsanso. Ndinaonera kavidiyo pa YouTube, ndinalowa pa Security, n'kupereka Full control kwa Everyone pa D: yonse. Mafoda ambiri anatsegukadi. Chimene sindinaganize n'choti akaunti imene makasitomala amagwiritsa ntchito pa kompyuta yomweyo nayonso inali itatsegulidwira zonse. Kwa masiku anayi, aliyense wokhala pampando uja akanatha kuona makalata a ngongole, mapepala a kuchipatala ndi ziphaso za anthu ena. Zambia ili ndi lamulo loteteza zinsinsi zotere, Data Protection Act ya 2021, koma ngakhale popanda lamulo, ndinali nditavula anthu amene anandikhulupirira. Ndipo foda ya amayi aja inakanabe. Mayina a mafayilo ankaoneka, aliyense ali ndi kaloko pakona, koma osatseguka.

Apa m'pamene ndinameza malovu n'kumuimbira foni mwana uja. Anabwera Loweruka, sananene kuti "ndinakuuzani". Anatsegula Properties, Security, n'kundilozera mzere wolembedwa Account Unknown, wotsatiridwa ndi nambala yaitali yoyamba ndi S-1-5-21.

"Amalume, kuno ku Zambia a Banda ndi angati? A Phiri ndi angati? Ku banki safunsa dzina lokha, amafuna nambala ya NRC. Windows nayonso ndi choncho. Akaunti iliyonse ili ndi nambala yake, SID. Mutaikanso Windows, munabadwanso ndi nambala ina. Mafodawa akudikira mwini wake wakale, ndipo ameneyo munamufufuta."

Anandifotokozera kuti pa diraivu ya NTFS, foda iliyonse imakhala ndi kaundula wake: mwini ndani, wowerenga ndani, wosintha ndani. Mankhwala a vuto langa loyamba anali ochepa. Ndikanangolowa pa Advanced, kusintha Owner pa foda ya zikalata yokhayo, kuchonga kuti kusinthako kufike m'mafoda a m'kati, kenako kudzipatsa chilolezo ine ndekha. Iye anachotsa Everyone uja, anakonza zonse ndi malamulo awiri otaipa, takeown ndi icacls, ndipo sipanathe ola. Anandichenjezanso kuti mafoda a Windows ndi Program Files ndisamawalande umwini, poti ambiri mwa mafayilo ake ali m'manja mwa akaunti yotchedwa TrustedInstaller, ndipo ukawalanda, kompyuta imayamba kulephera kudzikonza.

Atafika pa foda ya kaloko, anakhala chete. Kenako anafunsa kuti, "Munachongapo pa Encrypt contents to secure data?"

Ndinakumbukira. Ndinachonga ndekha chaka chapitacho, ndikudzitama kuti ndikuteteza ma NRC a alimi. Windows inandikumbutsa kangapo kuti ndisunge kiyi pambali, ine n'kumatseka uthengawo. Kiyi imeneyo inkakhala mu foda yobisika ya AppData, mu C:. Tinafufuza mu D: monse, koma gawo limenelo silinasamuke usiku uja. Linapita ndi kufomata, ndipo Windows yatsopano inakhala pamwamba pake.

"Chilolezo tingachisinthe, amalume, chili ngati mlonda wa pageti. Koma uyu ndi loko wa pa bokosi. Ngakhale mutakhala mwini nyumba, popanda kiyi simutsegula."

Lolemba ndinatseka shopu, ndinabwereka njinga yamoto, ndinapita kwa amayi aja. Ndinawapeza akusenda mtedza wochepa umene chilala chinawasiyira. Ndinakhala pansi n'kunena zonse: kuti kunalibe vairasi, kuti magetsi anangopeza ine nditayamba kale kulakwa, kuti ndinawanamiza kawiri, ndiponso kuti sindine injiniya. Anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Bambo, kutaya mapepala n'kwa munthu aliyense. Koma sabata ziwiri zimene munandiyendetsa zija, ndikanakhala nditazungulira kale midzi."

Tinazungulira limodzi. Masiku asanu, khomo ndi khomo, ine ndikujambula ma NRC ndi foni, iwo akupepesa kwa mamembala chifukwa cha cholakwa chimene sichinali chawo. Mndandanda unabwerera. Malipoti a misonkhano a zaka ziwiri sanabwerere, ndipo sadzabwerera.

Lero wina akandifunsa za kusamutsa mafoda, ndimamuuza zimene ndinaphunzira ndi manyazi. Yamba wakopera zonse pa diraivu ina, uitsegule, uone ndi maso kuti mafayilo akutseguka, kenako uizule. Foda ya Users usainyamule yonse. Windows ili ndi khomo lake: dina kumanja pa Documents, Properties, Location, Move, n'kuilozera ku foda imene wapangiratu mu D:, osati pa D: penipeni. Uchite chimodzimodzi ndi Pictures, Downloads ndi Videos, imodziimodzi. AppData uisiye pomwe ili. Ukaona kaloko pa fayilo, sunga kiyi yake pa fulashi usanaganize zofomata. Ndipo ntchito yotere usaiyambe pa magetsi amene sukudziwa kuti azima nthawi yanji.

Amayi aja amabwerabe kushopu. Ndikamaliza kutaipa, amamasula mfundo ya pakona ya chitenje, pomwe amamangapo ndalama, n'kutulutsa kafulashi kawo. Ndimakopera, iwo amati nditsegule aone, ndimatsegula. Akakhutira amamanganso mfundo ija. Sanditchulanso kuti a injiniya. Amangoti, "Zikomo bambo," ndipo dzina limenelo ndimaliyankha mtima uli m'malo.