Musathamangire ku Joni ndi MSCE yokha

Abale anga a pa Boma la Mulanje, makamaka inu makolo amene mumandilembera pa WhatsApp kuti mwana wakhoza bwino masamu ndi Physics, amakonda za nyenyezi, ndiye ndimupezere malo kuno, ndikuyankheni nonse pamodzi.

Kuno ku Cape Town za nyenyezi ndi ntchito, anthu amadyera momwemo. Pa University of Cape Town mwana amatha kusankha Astrophysics pa digiri yoyamba, n'kuiphatikiza ndi Physics kapena masamu. Digiriyo ndi ya zaka zitatu, kenako chaka china cha Honours. Zipangizo nazo zilipo. Ku Sutherland kuli chithelesikopu chachikulu cha SALT chomwe anachitsegulira mu 2005, ndipo kufupi ndi Carnarvon kuli MeerKAT, madishi 64 oloza kumwamba, amene anayamba ntchito mu 2018. Komabe ana amene ndimakumana nawo m'sitima, zikwama kumsana, maso ali psu, sachezera kuyang'ana Mlalang'amba ayi. Amachezera pa kompyuta, kulemba Python, kusefa manambala ochokera ku madishiwo. Mwana wothawa masamu kumeneku sangalimbeko.

Kwathu khomo lake ndi Physics basi. Ilipo ku University of Malawi ku Zomba, ija tinkati Chanco, iliponso ku Mzuni. MUST ili pa Ndata ku Thyolo, MUBAS ku Blantyre, kwa okonda sayansi ya mafakitale ndi uinjiniya. Digiri ya Physics ndi ya zaka zinayi, kusankha amachita a NCHE, ngongole ya fizi amapereka a Loans Board. Ambiri akamaliza amakagwira choko, ndipo sindikunyoza, popeza ndi mphunzitsi wotero amene anationetsa Nthanda m'bandakucha, ili pamwamba pa phiri, n'kutiuza kuti si nyenyezi koma dziko linzathu la Venus. Chimandiwawa n'chakuti pa maiko asanu ndi atatu a mu Africa othandizana ndi South Africa pa ntchito ya chithelesikopu cha SKA, Zambia ndi Mozambique alipo, ife ayi.

Tsono mverani apa. MSCE yokha sikulowetsa mwana pa digiri kuno, amafuna A-Level kapena zofanana nayo. Ngakhale ana a m'maiko a SADC amalipira fizi ngati eni dziko, lendi ya Cape Town imathyola msana, ndipo ngongole ya boma la kuno ndi ya nzika zokha. Ndaonapo anyamata anzeru atabwera ndi satifiketi m'chikwama, lero akutsuka mbale m'malesitilanti.

Njira yoongoka ndi iyi: mwana amalize Physics kwathu, masamu asawasiye mpaka chaka chomaliza, aphunzire kulemba mapulogalamu a kompyuta. Akakhoza bwino afunsire malo ku NASSP, pulogalamu ya Honours ndi Masters yomwe inayamba mu 2003 ndipo imatenganso ana a maiko ena a mu Africa.

Inu a Folomu 3 pa Mulanje Secondary ndi m'ma CDSS ozungulira, mwayi muli nawo, Physics pano inaima payokha, si Physical Science ya nthawi yathu. Musaisiye chifukwa anzanu akuti imagwetsa mapointi. Makolo, ndalama ya basi ya ku Joniyo mugulireni mwana laputopu.