Gqeberha ndi Kariega: Kumene Magudumu Analandira Utoto Woyamba

Mphepo ya ku Algoa Bay siipuma. Imachokera m'nyanja yamchere, n'kudutsa padoko, n'kukwera m'misewu ya mzinda umene kwa zaka zambiri unkatchedwa Port Elizabeth, koma kuyambira mu 2021 ukudziwika ndi dzina loti Gqeberha. Mphepoyi imanyamula chinyontho chamchere, ndipo chitsulo chilichonse chosapakidwa penti chimachita dzimbiri msanga. Choncho m'dera lino la Eastern Cape, m'dziko la South Africa, penti ndiye chishango cha galimoto, makamaka cha magudumu amene amakumana ndi matope, miyala ndi kutentha kwa mabuleki tsiku ndi tsiku.

Mzindawu ndiwo chiyambi cha ntchito yolumikiza magalimoto kuno kummwera kwa Africa. Mu 1924 kampani ya Ford inayamba kulumikiza galimoto za mtundu wa Model T m'nyumba imene kale inkasungira ubweya wa nkhosa pamsewu wa Grahamstown Road. Zipangizo zake zinkabwera pa sitima zapamadzi kuchokera ku Canada. Mu 1926 kampani ya General Motors nayo inatsegula fakitale yake, ndipo mu 2017 inachoka m'dzikolo, Isuzu n'kutenga malo ake.

Mlendo akatsata mtsinje wa Swartkops kulowera kumtunda, ulendo wa makilomita pafupifupi 35, amafika ku Kariega, tauni imene inkatchedwa Uitenhage. Kuno n'kumene Volkswagen Beetle yoyamba yolumikizidwa m'dzikoli inatuluka mu 1951, ndipo yomaliza inatuluka mu 1979. Pafupi ndi fakitaleyo pali nyumba yoonetseramo galimoto zakale ya AutoPavilion imene inatsegulidwa mu 2004. Alendo ambiri akalowa m'nyumba zotere maso amathamangira pa magalasi ndi pa zitsulo zonyezimira. Koma amisiri okonzanso galimoto zakale amayamba ndi kunjuta, n'kuyang'ana magudumu, pakuti pamenepo ndi pamene pamaonekera ngati ntchito inagwiridwa moona.

Chifukwa chake n'chakuti mtundu wa penti ya gudumu uli ngati chiphaso cha kubadwa. Taganizirani za Ford Model A, imene inalowa m'malo mwa Model T kumapeto kwa 1927 n'kupangidwa mpaka mu 1931. Za m'zaka za 1928 ndi 1929 zinali ndi magudumu a masipoko a mainchesi 21, ndipo fakitale inkawapaka penti yakuda. Za mu 1930 ndi 1931 zinali ndi magudumu a mainchesi 19, ndipo m'nyengo imeneyo wogula ankatha kupeza magudumu a mitundu ina monga Apple Green, Tacoma Cream ndi Aurora Red. Motero munthu akapaka magudumu a Model A ya mu 1928 penti yofiira yowala, galimotoyo ikongola ndithu, koma ikhala ikunena bodza za msinkhu wake.

Chitsanzo china n'cha ku Kariega komweko. Pamene ku Germany anasiya kupanga Golf yoyambirira, fakitale ya kuno inaipitiriza pansi pa dzina loti Citi Golf kuyambira mu 1984 mpaka mu 2009, ndipo zinapangidwa zoposa 370,000. Zoyambirirazo zinali zofiira, zachikasu ndi zabuluu, zokhala ndi mabampala ndi magudumu oyera. Buku la mitundu ya penti la ku Ulaya silingamuuze mmisiri zimenezi, chifukwa galimotoyi inabadwira kuno. Zina mwa izo zinawoloka malire n'kukakalambira m'misewu ya Harare, Lusaka ndi Blantyre, kumene magudumu ake anapoperedwa siliva kangapo konse.

Nanga mtundu weniweniwo umapezeka bwanji pakapita zaka makumimakumi? Kachitsulo kolembedwa nambala ya penti, kamene kamakhala pafupi ndi injini kapena pakhomo, nthawi zambiri kamanena za thupi la galimoto, osati za magudumu. Penti yoonekera kunja nayo singadalirike, poti dzuwa la kuno limasulutsa mtundu wofiira, ndipo woyera umasanduka wachikasu. Mboni yeniyeni imabisala m'malo amene dzuwa silinafikemo: mkati mwa limu momwe mumakhala tayala, kuseri kwa chivundikiro cha pakati, kumbuyo kwa gudumu, ndiponso pa sipeya imene yakhala mumdima m'buti kwa zaka zambiri.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mmisiri wodziwa ntchito amasankha kamalo kakang'ono, n'kukakwecha pang'onopang'ono ndi sanipepa yosalala yonyowetsa, mpaka mizere ya penti ioneke motsatizana: siliva wa dzana, wakuda wa mwini wachiwiri, kenako wa ku fakitale, ndipo pansi pake penti yoyalira imene inagwira chitsulo. Akafika pa wa ku fakitale amapukuta kuti awale, n'kujambula chithunzi. Masitolo akuluakulu a penti ali ndi makina oyeza mtundu amene amapereka kasakanizidwe kake, komabe mawu omaliza ndi a diso. Pentiyo amayamba kuipopera pa kachitsulo koyesera, kuidikira kuti iume, n'kuifananitsa ndi yakale panja masana, chifukwa mitundu iwiri ikhoza kufanana pansi pa babu koma n'kusiyana padzuwa. Kanyezimiridwe nako n'kofunika. Penti za masiku ano zimawala kwambiri kuposa zambiri zakale, ndipo gudumu lonyezimira ngati galasi limaulula lokha kuti si la nthawi imeneyo.

Vuto lalikulu limadza ndi changu. Makina opopera mchenga amachotsa dzimbiri m'mphindi zochepa, koma amachotsanso umboni wonse, ndipo ukapita wapitiratu. Malamulo a Charter of Turin, amene bungwe la padziko lonse la galimoto zakale la FIVA linayamba kugwiritsa ntchito mu 2013, amalimbikitsa kusunga zimene galimoto inabadwa nazo ndi kulemba kusintha kulikonse kumene kwachitika. Pa gudumu, zimenezi zikutanthauza kuyeza ndi kujambula musanapale, ndipo ngati n'kotheka kusiya gudumu limodzi losakhudzidwa kuti likhale mboni.

Palinso za moyo. Penti zambiri zakale zinali ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi poizoni, makamaka kwa ana osewera pafupi ndi garaja. N'chifukwa chake kukwecha konyowetsa ndi kuvala chotchinga kukamwa ndi mphuno n'kofunika. Komanso penti ikakhuthala pamalo pokhala manati kapena pamene gudumu limagundana ndi habu, imaphwanyika ikatenthedwa, manati n'kumasuka galimoto ili paulendo. Mmisiri wabwino amasiya malo amenewo opyapyala.

Ena angafunse kuti nkhani ya utoto wa gudumu ikukhudzana bwanji ndi chitukuko. Galimoto zimenezi zinalumikizidwa ndi manja a anthu a ku New Brighton, KwaZakhele ndi KwaNobuhle, ambiri mwa iwo asanaloledwe n'kuvota komwe. Mayina awo sanalembedwe pa galimoto iliyonse, koma penti imene anapopera ikadalipo mkati mwa malimu. Ndipo luso lowerenga pentiyo ndi ntchito yolipira, imene opopera penti a ku Ndirande kapena ku Mbare angaiphunzire popanda makina odula, pakuti chofunika choyamba ndi sanipepa, madzi ndi kudekha.

Choncho amene muli ndi Beetle, Citi Golf kapena Ford yakale imene yakhala pamiyala kuseri kwa nyumba, musanaitane wogula zitsulo kapena wopopera mchenga, yambani mwatsegula buti n'kutembenuza sipeya. Mwina utoto umene unapakidwa m'mphepete mwa mtsinje wa Swartkops ukadali pomwepo.