BONDO LA CITSULO LA MAI WA KWA MPANSHYA

Nyamakazi ya m'mabondo imagwira alimi ambiri akamakalamba. Cicereŵecereŵe cimene cimakuta nsonga za mafupa cimatha pang'onopang'ono, kufikira fupa liyamba kukhulana ndi linzace. Zikafika pamenepo, mankhwala amangocepetsa ululu basi.

Zotere zinagwera mai wina wa zaka 68 wa kwa Mpanshya m'boma la Rufunsa, amene analeka kulima cifukwa ca bondo lamanzere. Atayenda ulendo wa makilomita pafupifupi 200 pa mseu wa Great East Road, adotolo a mafupa ku Lusaka anawauza kuti bondolo liyenera kucotsedwa nsonga ndi kuikamo zitsulo, ndi pulasitiki pakati pace. Anati njira zomangira zitsulozo ku fupa ziripo ziŵiri: ya simenti ndi yopanda simenti.

Mau akuti simenti anawaopsya maiwo, pakuti anaganiza za matumba a ku Chilanga omangira nyumba. Koma simenti ya adotolo ndi mtundu wa pulasitiki. Amaikanda ngati phala lolimba, naipaka pakati pa citsulo ndi fupa, ndipo imauma m'mphindi 10 kapena 15. Simata ngati ulimbo ai. Imaloŵa m'timaenje ta fupa ndi kugwira monga dothi ligwira nsici za nyumba. Anaichukitsa ndi John Charnley wa ku England ca m'ma 1960 pokonza ziuno, ndipo kufikira lero mabondo ambiri amaikidwa motero.

Njira yaciŵiri ifuna kuti thupi ligwire lokha nchito. Citsulo cace cimakhala ndi tizibowo ting'onoting'ono, ndipo fupa limamera kuloŵamo monga mizu ya kacere pa mwala. Zimatenga milungu 6 kapena miyezi 3. Mwana wao wamwamuna anaikonda njirayi pomva kuti ndi yatsopano. Koma utsopano si ndiwo uweruza mlandu. Njirayi iyenera anthu a mafupa olimba, makamaka amene akali ndi zaka zambiri kutsogolo, pamene mafupa a azimai ambiri amafooka akasiya kusamba. Fupa lofooka likalephera kugwira citsulo, bondo limagwedera, ndipo munthu abwereranso ku opaleshoni yaciŵiri, yovuta ndi yodula koposa. Kwa mlimi wogulitsa ng'ombe kuti alipire yoyamba, imeneyo si nkhani yaing'ono.

Maiwo anasankha simenti. Kafukufuku wa m'magazini ya The Lancet m'caka ca 2019 anapeza kuti mwa mabondo 100 oikidwa, 82 amafika zaka 25.

Cimene cinawadandaulitsa ndi cina. Adotolo ananena mosabisa kuti, simenti kapena ai, ambiri amavutika kugwada pambuyo pace. Mai woleredwa kugwada popatsa moni akuluakulu, pophika ndi popemphera anakhala cete nthawi yaitali. Tsopano amaphika atakhala pa mpando wautali, ndipo alendo amawalonjera ndi kuomba m'manja.