Chigubu cha agogo ku Cateme

Mukamayenda pa msewu wochokera ku Moatize kupita ku Zóbuè n'kukhotera ku Cateme dzuwa litapendeka, mudzamva ng'oma zikulira kuseri kwa nyumba. Mukayandikira mudzapeza kuti palibe ng'oma ndi imodzi yomwe. Ndi ana, akuimba zigubu zachikasu za malita 20, zija zimabwera ndi mafuta ophikira.

Pakati pa anawo pali mnyamata wina amene amakhala ndi agogo ake aakazi. Mwanayu ali ndi dzanja. Chigubu amachigoneka pakati pa miyendo atachotsa chitsekerero, ndipo akamenya pamimba pake ndi chikhatho chimabangula ngati mpanje. Akagogoda ndi kamtengo pafupi ndi chogwirira chimalira mopyapyala. Mng'ono wake amamenya khasu lakutha ndi msomali. Mnzawo wina amagwedeza chitini cha mkaka chothiramo timiyala, ndipo zitsekerero za mabotolo amaziphwatalala ndi mwala, kuziboola, n'kuzitunga pa waya kuti akhale maseche a m'miyendo. Mnyamatayu anatulukira yekha kuti akathira madzi pang'ono m'chigubu mawu amakwera, popeza mpweya wa m'katimo wachepa. Tsono zigubu zitatu amazichuna motero, monga momwe akuluakulu amaothetsera ng'oma pamoto kuti chikopa chikungike.

Koma agogo sankafuna kumva zimenezi.

"Iwe, tasiya chimenecho! Chikang'ambika tikatungira m'chipewa chakocho?"

"Agogo, sindikumenyatu kwambiri."

Musaganize kuti agogowa amadana ndi gule. Iwo anakulira ku Malabwe, m'mbali mwa mtsinje wa Revúbuè, kumene amayi atatu ankasinja pa mtondo umodzi, minsi ikulowa mosinthana, wina n'kuponya munsi m'mwamba, kuomba m'manja, n'kuuwakha osaphonya. Pa mtondo m'pomwe mkazi ankanenera mwamuna wake waulesi m'nyimbo, mwamunayo ali phee pakhonde. Kodi mtondo si chiwiya cha pakhomo ngati chigubu chomwe?

Kusiyana kwake ndi madzi. M'zaka za 2009 ndi 2010 mabanja oposa 700 a ku Chipanga, Mithethe, Malabwe ndi Bagamoyo anasamutsidwira ku Cateme, pafupifupi makilomita 40 kuchokera ku Moatize, kuti apereke malo ku mgodi wa malasha. Mtsinje anausiya kumbuyo. Anapeza minda yamiyala, ndipo m'zaka zoyambazo mipope inkatha masiku ili youma. Mu Januwale 2012 anthu mazanamazana anakatseka njanji yopita ku Beira, sitima ya malasha n'kuima. Munthu amene anaona masiku amenewo chigubu sachiona ngati choseweretsa. Ndipo paja chigubu chimalira bwino chikakhala chopanda kanthu, kotero kulira komwe mdzukulu amakondwa nako, kwa agogo n'kulira kwa tsiku lopanda madzi.

Nkhani inasintha pa chinkhoswe cha mwana wa mnansi wawo. Ng'oma yeniyeni imafuna tsinde lalikulu losema ndi chikopa cha ng'ombe, pamene mitengo ikuluikulu ikuthera m'matumba a makala amene timawaona m'mbali mwa msewu. Imene anadalira inapezeka kuti makoswe adya chikopa. Alendo a kuchimuna anali atakhala kale pa mphasa, pabwalo pali zii ngati pamaliro, amayi akungoyang'anana.

Agogo anadzuka osalankhula. Anakhuthulira madzi m'mitsuko ndi m'mapoto onse a m'nyumba, n'kutulutsa zigubu zitatu.

"Tenga. Koma ukaphonya, usadzandichulenso kuti agogo."

Iwo eni anakoka mtondo, naitana anzawo awiri, minsi n'kuyamba. Khasu linalowa pambuyo, kenako chitini, kenako chigubu. Anthu anavina mpaka tambala woyamba.

M'mawa chigubu chimodzi chinapezeka chitang'ambika pafupi ndi tako. Mnyamata anatenthetsa mpeni pamoto n'kumata ndi kachidutswa ka pulasitiki, koma madzi ankadonthabe. Agogo anachiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati chimenecho n'chake tsopano, aziimba mmene angafunire.

Patangotha sabata anathiramo nandolo wa mbewu mpaka kukhosi, natseka zolimba kuopa anankafumbwe. Mnyamata akudikira mvula yoyamba.